Kope Limene Linapulumuka Pambaula

Ine ndine telala. Makina anga amakhala pakhonde la sitolo ina ya nsalu mu Limbe, ndipo pa zaka zimene ndakhala pamenepo ndayeza ziuno zosawerengeka. Ndayamba dala ndi ntchito yanga, chifukwa nkhani ya mwana wanga wamkazi, wachiwiri kubadwa, inayambira pakhonde pomwepo, pambali pa makinawo.

Mwanayu anabadwa wochangamuka. Anayamba kuyankhula asanayambe n'kuyenda komwe, ndipo nyimbo ya kwaya akaimva kawiri ndiye kuti yakhala yake. Ankaphunzira pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Limbe, choncho m'mawa tinkachokera limodzi ku Chimwankhunda, akaweruka n'kubwera kukhonde kudzandisokera mabatani. Kope langa la miyezo likasowa ndinkangofunsa iye. "Iwe, mayi aja a ku Nkolokosa, a diresi lobiriwira, chiuno chinali chani?" Ankayankha maso ali pasingano, ndipo kope likapezeka ndinkapeza kuti sanaphonye.

Koma tamuikireni buku patsogolo. Mwana yemweyo ankangouma gwaa! Chala pamzere, milomo ikunjenjemera, kulimbana ndi liwu limodzi mpaka thukuta kumatuluka ine m'malo mwake. Zolemba zake ndiye musanene: zilembo zina zoyang'ana kumbuyo, zina zosowa, mawu atatu kumatikizana kukhala amodzi. Sitandade 4 anabwereza kawiri. Mng'ono wake anamupeza m'kalasi n'kumudutsa.

Ndinamumenyapo, sindikana. Ndinkati ndi ulesi, chifukwa munthu woloweza chiuno cha mayi wa ku Nkolokosa angalephere bwanji kuwerenga tsamba limodzi? Tinakamuyezetsa maso, anati ali bwinobwino. Tinapita naye kumapemphero, anamusanjika manja mpaka tsitsi limene ndinamuluka linaphwasuka. Teremu ikatha, lipoti linkabwera lomwe lija.

Kenako kunabwera alamu anga, achemwali awo a amuna anga, kuchokera kwathu ku Nsanje. Mayi amenewa ndi amene analera amuna anga makolo atamwalira, ndiye mawu awo panyumba pathu sagwa pansi. Anaona lipoti lija, anapukusa mutu.

"Achimwene, mwanayu sukulu yamukana. Musamuzunze. Teremu ikubwerayi ikakanikanso ndidzamutenga, azikandithandiza kudimba. Akakulira kumeneko, akapeza banja."

Amuna anga amayendetsa lole ya kampani ina ku Chirimba, ndipo pakhomo sachulutsa mawu. Anangoti, "Tamva, achemwali." Ine magazi anawira. Koma kwathu kuchigwa mwana ndi wa kuchimuna, ng'ombe za malowolo zinapita kwa makolo anga kalekale, ndiye mkazi ungalalate bwanji pamaso pa alamu? Ndinakalalatira mapoto kukhitchini. Mwana anali pakhomo akupukuta nsapato, ndipo anamva zonse.

Teremu ija ili pakati, kunabwera mayi wina wachikulire kudzasoketsa zovala za paukwati. Anali mphunzitsi wopuma. Ndikumuyeza, maso ake anali pa mwana wanga amene ankavutika ndi homuweki pabenchi.

"Mwanayu munakamuyezetsapo?" anafunsa.

"Maso? Tinayezetsa, alibe vuto."

"Ayi, si maso. Pali akatswiri amene amayeza momwe ubongo wa mwana umagwirira ntchito akamawerenga ndi kulemba."

Ndinaika tepi pansi. "Ubongo? Amayi, mukuti mwana wanga ndi wamisala? Ngati nsalu yanu mukuifuna, itengeni."

Mayiyo anaseka mpaka kugwira chipilala. Anati ana otere anawaona ambiri m'kalasi mwake, anzeru zawo, ndipo ambiri anangosiya sukulu chifukwa panalibe wowayeza. Anandilongosolera kumene kuli ofesi ya mayi wina wodziwa zimenezi m'tauni mu Blantyre. Ndinakhala nazo masiku atatu ndikunyinyirika. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo tsiku lachinayi ndinapita. Mtsikana wa pakauntala anandipatsa tsiku, kutsogolo milungu iwiri, n'kunena kuti ndidzabwere ndi buku la kuchipatala la mwanayo, malipoti ake, ndi makope ake onse akusukulu.

Ndiye apa ndi pamene nzeru zanga zinandithawa. Nditafika kunyumba ndinatsegula makope aja kuti ndiwaike m'chikwama. Mayo ine! Bolopeni yofiira tsamba ndi tsamba. Pena aphunzitsi anangolemba mtanda waukulu kuchokera ngodya iyi kufika iyo. Pena pepala linabooka ndi kufufuta. Ndinati, zimenezi ndipite nazo kwa anthu ophunzira? Akandione ngati mayi wanji? Ife tinaleredwa kuti alendo akamabwera umasesa mpaka kuseri, mbale yobenthuka umabisa, mwana wopita pagulu umamusambitsa n'kumudzoza mafuta. Zam'nyumba sizipita poyera zili choncho.

M'mawa mwake ndinagula makope atsopano, mapensulo ndi labala. Ndinabwereka makope a mwana wa mnzanga wogulitsa nthochi pafupi ndi khonde langa, amene ankaphunzira kalasi imodzi ndi wanga. Kwa milungu iwiri, masana alionse akaweruka, mwana wanga ankakhala pabenchi kukopera chilembo chimodzichimodzi. Ine phazi pamakina, diso pa iye. "Fufuta! Taona bwino, chayang'ana kuti chimenecho?" Likadzadza kope ndinkalikutira ndi pepala la khaki, n'kulisita ndi simbi kuti makona akhale akuthwa. Anali makope okongola, ndisaname, ndinkawanyadira.

Akale aja ndinkakolezera mbaula m'mawa uliwonse. Ndinkang'amba masamba angapo, kuwafinya pansi pa makala, machesi khwee. Mwana ankaima pambali ndi ketulo m'manja. Nditawerengera ndinapeza kuti kope la Chichewa palibe. Anati linasowa kusukulu. Ndinamukalipira kuti ndi wosasamala, nkhani n'kuthera pomwepo.

Tsiku litakwana ndinamusitira yunifolomu, ndinamuluka tsitsi mwatsopano. Makope ndinawaika m'chikwama chake chakusukulu, chimene ndinamusokera ndekha ndi nsalu yotsala ya jinzi. Mu minibasi yopita m'tauni ndinamunong'oneza malamulo. "Usakandichititse manyazi. Ukakhale mowongoka. Akakufunsa chinthu, usakanene kuti sindikudziwa, wamva? Ukayankhe chilichonse." Iye anati, "Ndamva, amayi," atakumbatira chikwama pachifuwa.

Ndinkayembekezera dokotala wa mkanjo woyera ndi makina oika kumutu. Tinapeza mayi wachitsikana, wamng'ono kwa ine, wovala nsapato zothamangira, m'chipinda chokhala ndi tebulo lalifupi ndi timatabwa tamitundumitundu ngati kusukulu ya mkaka. Mumtima ndinati, apa ndiye ndabwera kudzataya nthawi. Anati si dokotala wa jakisoni, koma ine ndinkamutchabe adokotala. Anandifunsa zambiri: mwana anabadwa bwanji, anayenda liti, anadwalapo malungo okomoka nawo, pabanja pathu alipo amene kuwerenga kunkamuvuta. Ndinati palibe, mwachangu ndithu.

Kenako anapempha makope. Ndinawatulutsa limodzilimodzi, kuwayala patebulo ngati nsalu zogulitsa. Anatsegula loyamba, lachiwiri, lachitatu. Anandiyang'ana.

"Amayi, makope awa anayamba kulembedwa liti?"

"Chiyambire teremu."

"Aphunzitsi ake sachonga? Mulibe bolopeni yofiira ngakhale malo amodzi."

Koma abale! Milungu iwiri yonse ija, ndi nzeru zanga zonse, zimenezo sindinaziganizeko. Nkhope inatentha, ndipo ine manyazi akandigwira amatulukira kukamwa. "Ndiye mukuti ndine wabodza? Ndasiya ntchito yanga ku Limbe kubwera kuno kuti mudzanditche wabodza?"

Mayiyo sanakweze mawu. "Ayi, amayi. Ndikuona kuti mwavutika kwambiri kukonza makope awa. Koma ine ntchito yanga ili pa zolakwika zakezo. Ndikaona momwe mwana amalakwira, ndimayamba kudziwa pamene pakuvuta. Awa akundiuza kuti palibe vuto. Akale aja ali kuti?"

"Ndinakolezera mbaula," ndinatero, mawu atatsika.

Pamenepo ndinakumbukira azimayi amene amabwera kukhonde kwanga, ndikangozunguliza tepi iwo mimba n'kuikokera m'kati, kupuma osapuma. Ndimawakalipira tsiku ndi tsiku. Ndimati, "Pumani, amayi, tepi si apongozi anu. Mukandinamiza pano diresi likakukanani paukwati." Ndiye ine amene ndimanena zimenezo, ndinali nditamukoketsa mimba mwana wanga kwa milungu iwiri yathunthu.

Adokotala aja anatembenukira kwa mwana. "Tiyesabe ndi zimene tili nazo. Koma mvera, muno si mayeso akusukulu. Muno ukanena kuti sindikudziwa, wayankha bwino. Wamva?"

Mwana anayang'ana ine, chifukwa lamulo la mu minibasi linali lisanachotsedwe. Ndinamuuza kuti, "Zija ndinakuuza zija uziiwale. Nena zoona zokhazokha, mwana wanga."

Anandiyang'anitsitsa kanthawi, ngati akuyeza ngati ndikunenadi. Kenako anati, "Amayi, muli ndi kalumo kanu kaja?"

Telala sayenda opanda lumo. Ndinamupatsa ndikudabwa. Anatembenuza chikwama chake chija kunja kukhala m'kati, n'kuyamba kudula ulusi wa nsalu yam'kati, pamsoko wapansi. Anapisa dzanja, n'kutulutsa kope la Chichewa lija, lopindika, lakuda m'mphepete, lopanda chikuto.

Ndikuuzeni zoona. Mkwiyo unabwera, inde, woti mwana wandinamiza. Koma usanafike pakamwa, maso anga anagwa pamsoko uja. Chikwamacho ndinasoka ine pamakina. Iye anamasula msoko wanga, anabisa kope, n'kusokanso ndi manja, ndi ulusi wofanana, timiyendo ta msokowo tolingana bwinobwino, moti ine telala wa zaka zonsezi ndinachigwira chikwamacho m'mawa womwewo osaona kanthu. Ndinachitenga n'kuchiyandikitsa kumaso. Ndinangoti, "Wasoka ndiwe apa?" Anagwedeza mutu kuvomera. Adokotala anali atayamba kale kutsegula kope lija, akumwetulira ngati apatsidwa mphatso.

Atatero ananditulutsa. Ndinakhala pabenchi panja mpaka dzuwa kufika pamutu, ndikumva mawu apansipansi, nthawi zina kuseka. Mwana wanga kuseka m'chipinda chimene muli mabuku! Pobwerera anandifotokozera yekha. Anati anamuuza kupanga zithunzi ndi timatabwa tija, kubwereza manambala chobwerera m'mbuyo, kumvera nthano n'kuifotokozanso, kuwerenga mawu ongopeka opanda tanthauzo. "Amenewo ndinawauza kuti sindikudziwa," anatero, "ndipo sanakwiye."

Tinapitanso kachiwiri kukamaliza, ndipo ulendo wachitatu unali wokamva zotsatira. Adokotala anayala mapepala awo pambali pa kope lakuda lija, n'kumandisonyeza kuti zolakwika za m'kopemo ndi zimene anapeza poyeza zinali kuloza kumodzi. Anati pa kukumbukira zimene wamva ndi kuganiza mwanayu amaposa ana ambiri a msinkhu wake. Chimene chimamuvuta ndi kulumikiza kamvekedwe ka mawu ndi zilembo zake papepala. Anati vutoli lili ndi dzina, disilekisiya, ndipo ana amabadwa nalo, nthawi zambiri limayenda m'magazi. Si ulesi, si misala, si kulodzedwa, ndipo silichoka ndi chikwapu. Pa chikwapu pamenepo ndinayang'ana pansi. Anati silitha, koma mwana akaphunzitsidwa m'njira yake amawerenga. Analemba kalata ya kusukulu, n'kutilozera kwa mphunzitsi wodziwa kuthandiza ana otere.

Pondibwezera kope anati, "Patsamba lomaliza pali kanthu kanu. Koma mwini wake ndiye adzakuonetseni akafuna." Mwana analitenga msanga n'kulilowetsa m'chikwama.

Milungu imene inatsala inali yochepa, ndipo lipoti la teremu linabwera loipa ngati kale. Alamu anafika Loweruka ndi chikwama chachikulu chopanda kanthu, choti adzaikemo zovala za mwana. Lamulungu titachoka kutchalitchi tinakhala pabalaza. Ine ndinatulutsa kalata ya adokotala, ndinafotokoza zonse, ndinatchula ndi dzina lovuta lija.

Alamu anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Alamu, amenewa ndi mapepala a m'tauni. Dzina la Chingerezi silisintha lipoti. Tinagwirizana kale."

Ndinayang'ana amuna anga. Maso awo anali pansi. Ndinamva kuti ndikatsegula pakamwa ndinena mawu obwezetsa ng'ombe zija, ndipo ndinali wokonzeka kuwanena. Ndisanayambe, mwana analowa ndi kope lake. Anagwada monga mwa ulemu, n'kunena kuti, "Ababa, azakhali, ndiwerengeko kanthu."

Mwana amene ankathawira kuchimbudzi akamva kuti kuli kuwerenga! Anatsegula tsamba lomaliza, anaika chala pamzere. Anawerenga pang'onopang'ono, akuima, akubwerera, ndipo ine ndinaluma lilime kuti ndisamuthandize.

"Amayi ndi ababa. Musanditumize kumudzi. Ine sukulu ndimaifuna. Ndimayesetsa koma zilembo zimandithawa. Sindichita dala. Ndine mwana wanu."

Zinali zokhazo. Anati analemba tsiku lija ankapukuta nsapato pakhomo, koma anaopa kutipatsa chifukwa munali zolakwika zambiri. Ataona ndikukolezera makope pambaula, anadziwa kuti nalonso lipsa.

Ine misozi inali itafika kale pachibwano. Amuna anga anatambasula dzanja, mwana anawapatsa kope. Sanayang'ane tsamba lomaliza lija. Anayamba kutsegula kuyambira kutsogolo, tsamba ndi tsamba, mitanda yofiira ija, mabowo a labala aja. Ndinakhala nawo m'banja zaka zonsezo ndikuwawerengera makalata a kuntchito, iwo akuti maso akuwawa, ndipo sindinafunsepo.

"Achemwali," anatero, "makope anga ankaoneka chonchi. Mukukumbuka?"

Alamu anakonza chitenje pamaondo.

"Aphunzitsi anati ndine mbuli. Inu munanditulutsa kuti ndizikaweta mbuzi. Sindikukudzudzulani, munachita zimene munkadziwa, ndipo munandilera. Koma ine mpaka lero chikwangwani cha pamsewu ndimachidziwa ndi maonekedwe ake, fomu amandilembera anzanga." Anatseka kope. "Uyu sapita."

Pa zaka zonse za banja lathu ndinali ndisanamvepo amuna anga akukana mawu a achemwali awo. Ndinawanyadira tsiku limenelo kuposa tsiku la ukwati wathu. Kenako alamu anaitana mwana, anamukhazika pambali pawo, n'kumugwira dzanja. Anati, "Kalelo kunalibe otiuza." M'mawa mwake anakwera basi ndi chikwama chawo, ine nditawaikiramo sopo, shuga ndi diresi limene ndinawasokera.

Sindinena kuti zinthu zinasintha tsiku limodzi. Aphunzitsi ena kalata ya adokotala ija anaiwerenga n'kumuika mwana kutsogolo, kumupatsa nthawi yokwanira polemba. Ena ndinachita kuwayendera kangapo, ndipo mawu anga amawakumbuka mpaka pano. Loweruka lililonse ankapita kwa mphunzitsi wapadera uja, kumene ankaumba zilembo ndi dongo n'kumazitchula mokweza. Ine masana pakhonde ndinkamuwerengera manotsi ndikupalasa makina, iye akumvetsera, ndipo zikalowa m'khutu mwake sizitulukanso. Lero ali ku sekondale. Amawerengabe pang'onopang'ono, chala pamzere, ndipo akafunsidwa chifukwa chake amafotokoza yekha, mutu uli m'mwamba.

Kope lija limakhala m'dilowa ya makina anga, pamodzi ndi masingano ndi choko. Sindinalikutire ndi khaki, sindinalisite. Mayi aliyense akayamba kudandaula pakhonde panga kuti mwana wake ndi waulesi, sukulu yamukana, ndimaimitsa makina n'kulitulutsa. Ndimamuonetsa mitanda yofiira yonse, kenako tsamba lomaliza, n'kumuuza kuti analemba ndi mwana wanga. Onse ena aja ndinawotcha ndi manja angawa. Ili analipulumutsa yekha.